Likongwe Aiwala Ndodo

Padangokhala. Inu amene muli pamenepo vomerani kuti tili tonse, pakuti nthano ili ngati mlendo, imafuna woiperekeza.

Kalelo, nyama zikadali kumanga midzi ndi kulonga mafumu, kudali Likongwe wa mapazi oyabwa. Iyeyu sadamangepo nyumba, sadasulitsepo khasu. Chuma chake chonse chidali ndodo ya mutu wozungulira, chikho, mpeni, ndi lilime. Lilimelo ndilo lidali munda wake. Akafika pamudzi pali ukwati, iye ndi msuweni wa mkwati. Akapeza pali maliro, ankalira kuposa anamfedwa. Ankadya, n'kugona masiku awiri, lachitatu anthu podzuka n'kupeza mphasa yokha.

"Kutsazika kumalemetsa miyendo," ankatero.

Bwenzi adali nalo limodzi lokha, Nungu, amene adavinidwa naye pamodzi. Ali anyamata adapeka nyimbo yawo yapaulendo. Likongwe ankatsogolera ndi kamawu kake kosongoka, kufunsa njira kumene imagona, ndipo Nungu ankavomera ndi mawu a pansi pa mimba kuti imagona pakhomo pa mnzako. Nyimbo yonse idali yomweyo, koma ankatha nayo mtunda wa tsiku lathunthu.

Kenaka Nungu adakwatira a Nakwenda, nakakhala mkamwini m'mudzi wa mfumu Njati. Likongwe adavina paukwatipo, ndipo mowa usanathe adazemba monga mwa masiku onse. Zaka zidapita mpaka ndevu zake zidayamba imvi.

Tsiku lina njala idamukumbutsa maungu a mlamu wake, ndipo adalowera kumudzi kuja. Pachitsime adapeza Nkhanga, nankungwi wa m'mudzimo, akutunga madzi.

"Kodi si a Likongwe awa? Mwasochera?"

"Ine kusochera, mayi? Ndabwera kwa mlamu wanga Nakwenda, andiphikire maungu aja."

Nkhanga adatula mtsuko pansi.

"Ndiye simunamve. A Nakwenda tinawaika m'manda chimanga chikumasula. Anagwera kumunda, khasu lili m'manja."

Likongwe adatsamira ndodo yake.

"Nanga Nungu?"

"Chimetereni maliro sanatulukepo m'nyumba. Chakudya timawasiyira pakhomo, koma zikunenepa ndi nyerere. Amfumu anatumako akuluakulu, sing'anga Kadzidzi anafukizako mankhwala ake, zonse kuli zii. Munda wasanduka tchire, ndipo nduna Njiri yaupempha kale. Amfumu ndi achifundo, anati tidikire mvula yoyamba. Ikagwa mizere palibe, munda upita kwa a Njiri, ndipo a Nungu, poti ndi mkamwini, tiwasudzula azipita kwawo."

"Kwawo kuti? Kwathu kuja ngakhale bwinja silidziwika."

"Ndicho ndikunena. Koma kunena zoona, sindikhulupirira kuti mvulayo akaiona n'komwe."

Mapazi a Likongwe adayamba kuyabwa. Pakhomo pa chisoni sipakhala maungu, ndipo njira idali pomwepo, ikumuyitana. Adayenda mapazi khumi, n'kuima. Midzi yonse imene adadyamo inkadziwa Likongwe msuweni wa mkwati, Likongwe mdzukulu wa malemu. Wodziwa Likongwe weniweni, uja adalira tsiku loyamba kuchinamwali, adali mmodzi yekha, ndipo ameneyo adali kuzima ngati chikuni chokhala chokha. Adatembenuka.

"Odi kuno!"

Zii.

"Odi! Kapena eni ake adasamuka, zatsala ndi mphemvu?"

Mawu ofooka adamveka m'kati: "Mawu amenewo ndi a wabodza uja. Lowa."

Adamupeza Nungu atawonda, minga yake itagona ngati udzu wogwetsedwa ndi mvula. Likongwe adakhala pansi. Mawu onse amene ankalira nawo maliro a anthu osawadziwa adamuthawa.

"Pepa, bwanawe. Ndamva lero."

"Wachedwa."

"Ndachedwa."

Kenaka Likongwe adaona chinthu. Nungu adadzikoka, nadzuka, namuyalira mphasa, namupatsa madzi ndi manja awiri, nabwerera kukayang'ana kukhoma.

"Ehe," adatero Likongwe mumtima. "Zonse zafa mwa ameneyu, watsala ndi mwambo. Tigwira pomwepo."

Paja masiku amenewo mwambo wa alendo udali wolimba. Mlendo sankadya yekha, mwininyumba ankayamba ndiye kulawa. Mlendo akatsazika, mwininyumba ankamulanda katundu n'kumuperekeza, ndipo woperekeza sankabwerera mlendo ali pakati pa nkhani. Nungu ndiye adali wosunga mwambo kuposa aliyense.

"Njala, bwanawe," adatero Likongwe. "Mbatata zija a Nkhanga asiya pakhomo ndi za nyerere kapena ndi za mlendo?"

"Tenga udye."

"Ndekha? Ufuna kundipha iwe? Lawa kaye."

Nungu adalawa. Likongwe adati mbali inayi ikuoneka yokayikitsa, alawenso. Adalawa. Mbatata yachiwiri nayo idakayikitsa.

M'mawa mwake Likongwe adachita chimene sadachitepo chibadwire. Adamanga phukusi lake, nagwada, nawomba m'manja.

"Ndatsazika. Ndapita ine."

"Uyende bwino," adatero Nungu osatembenuka.

"Zikomo. Ndikafika kutsogoloku akandifunsa kuti kwa Nungu anakuperekeza mpaka pati, ndikangoti mpaka pamphasa."

Nungu adausa moyo. Adadzuka, natenga phukusi, natsegula chitseko. Dzuwa lidamulasa m'maso mpaka misozi idatuluka. Likongwe adachita ngati sakuona. Adayamba nkhani ya fisi wina amene adakafunsira mbeta atabwereka mchira wa mkango, naikoka nkhaniyo ngati ulimbo. Pofika kuseri kwa nkhokwe nkhani idatha, chifukwa adaona kuti mpweya wa mnzake watha. Adayambitsa nyimbo ija, kufunsa njira kumene imagona. Sipadamveke wovomera.

"Ndibwerere pano," adatero Nungu.

"Bwerera, bwanawe. Mayo! Ndodo yanga! Ndaiwala ndodo!"

"Iwe kuiwala ndodo?"

"Ukalamba. Tiye tikatenge."

Atafika kunyumba ndodo idasowa. Adaifuna mpaka masana, n'kuipeza pansi pa mphasa yomwe Likongwe adagonapo.

"Dzuwa lakwera," adatero Likongwe. "Ulendo woyamba masana umabala matuza. Ndinyamuka mawa. Kodi chinangwa chija chili pakhomo ndi cha nyerere?"

Mawa lake adatsazikanso. Nthawi ino adasankha njira ya kuchitsime, nayamba nkhani ya ng'ona imene idapita kwa sing'anga kukazulitsa dzino, sing'angayo n'kufunsa kuti dzino lake liti. Podutsa pankhokwe ng'ona idali isanatsegule n'kukamwa komwe. Nungu adayang'ana m'mbuyo, koma nkhani idali pakati, ndiye akanatani?

Pachitsime amayi adaleka kutunga. Nkhanga adatsegula mlomo kuti alulutire, koma Likongwe adamutsinzinira diso, ndipo iye adameza nthungululu yake.

"Mwadzuka bwanji, a Nungu?" adatero ngati adaonana dzulo.

"Ndadzuka, kaya inu, mayi?"

"Tadzuka. Mlendo wanuyu sakukutherani chakudya?"

"Uyu? Adya ndi nkhokwe yomwe."

Amayi adaseka. Nungu sadaseke, koma munga umodzi wa pamsana udadzuka pang'ono. Atapitirira, Likongwe adayambitsa nyimbo. Pamalo povomera padamveka kang'ung'udzo, kochepa ngati ka njuchi yotsekeredwa m'chikho.

"Chikho!" adafuula Likongwe. "Ndaiwala chikho changa!"

"Dzulo ndodo, lero chikho. Mawa udzaiwala mchira."

"Mchira ngwomangirira, bwanawe. Tiye."

Madzulo a tsiku limenelo mitambo idayamba kusonkhana, ndipo Njiri adadutsa pakhomo atasenza khasu latsopano, akuliyang'ana ngati mwana wobadwa kumene. Likongwe adadziwa kuti masiku atha. Adatenga mpeni wake naubisa m'udzu wa denga.

Kutacha adatsazika kachitatu, nalunjika njira ya kumunda. Nungu adaima nji!

"Njira iyo ayi."

"Kumene ndikupita njira yake ndi yomweyi."

"Ndati ayi, Likongwe."

"Chabwino. Koma ndinali nditayamba kukuuza za tsiku la ukwati wako, chimene ndinachokera osatsazika."

Iyi siidali nkhani ya fisi kapena ya ng'ona. Likongwe adaiyamba ngati nyambo chabe, koma itatuluka idakhala yoona, ndipo iye yemwe adadabwa. Adanena kuti adaona Nakwenda akuchotsa kachitsotso pa minga ya mwamuna wake osaopa kubayidwa, ndipo adadziwa kuti mnzake wapeza wovomera nyimbo wina. Adanena kuti adachita manyazi kulira paukwati, ndiye adathawa, ndipo chithawireni sadaime. Ankayankhula akuyenda, maso ali pansi. Nungu ankatsatira, phukusi lili paphewa. Nkhani itatha adali pakati pa munda.

Nungu adatseka maso. Likongwe adayang'ana uku ndi uku, naona timitengo tobiriwira titaima m'tchiremo.

"Thengo lakula ili! Taona zitsamba zachabechabezi. Ndikuzulireko ziwiri ndisanapite."

Adagwira kamtengo kamodzi n'kuyamba kukoka.

"Siya!" Mawu a Nungu adatuluka onse, a pansi pa mimba aja. Minga yonse idaima. "Chitsiru iwe! Ameneyo ndi nandolo wa a Nakwenda! Anadzala ndi manja awo!"

"Uyu ndi nandolo? Nanga uyu?"

"Ameneyo ndiye udzu!"

"Amafanana."

"Amafanana pati? Wakalamba osadziwa nandolo? Choka, ndikuonetse!"

Nungu adaponya phukusi pansi nayamba kuzula udzu mozungulira nandoloyo, akutukwana. Adazula apa, nazula apo, mpaka dzanja lake lidagunda chitsulo. Lidali khasu la a Nakwenda, pamalo pomwe lidagwera. Mpini chiswe chidadya, lidatsala khasu lokha.

Nungu adakhala pansi nalifukata. Kulira kumene kudakanika pamaliro kudabwera tsopano. Likongwe adasendera kwa iye. Adakhala pambali pake, pafupi kwambiri mwakuti minga inkamubaya, koma sadasunthe.

Misozi itaphwa, Nungu adatembenuza khasulo.

"Lilibe mpini."

Likongwe adayang'ana ndodo yake. Idayenda naye maiko, idamuwolotsa mitsinje, idamuteteza kwa agalu. Mutu wake udali wozungulira bwino, wongoyenera kubowola.

"Mpini nawu."

"Nanga uyendera chiyani?"

"Mapazi ndili nawo."

Adasonkha moto, nawotcha msuka wa khasu, nabowola ndodo ija. Tsiku lomwelo adayamba kusosa. Nungu ankalima, Likongwe ankakoka zinyalala, ndipo akalandira khasu mizere yake inkakhota ngati njoka yokhuta.

"Mzere umenewu ukupita kwa yani?" ankafunsa Nungu.

"Ukukaona abale ake."

Pa mzere wachisanu Likongwe adayambitsa nyimbo, ndipo Nungu adavomera ndi mawu onse, mpaka amayi kuchitsime adaimva. Nthungululu imene Nkhanga adameza ija idatuluka tsiku limenelo.

Adalima masiku asanu ndi anayi. M'manja mwa Likongwe mudatuluka matuza oyamba a moyo wake, ndipo ankawaonetsa kwa aliyense wodutsa. La khumi mvula idagwa. Njiri adabwera ndi khasu lake latsopano, nayang'ana mizere, yowongoka ndi yokhota yomwe, nakanda pachipumi.

"Munda uli ndi mwini wake uwu," adatero, napita kukauza amfumu.

Adadzala. Chimanga chitangoti nyomi kumera, mapazi a Likongwe adayambanso kuyabwa. Adayesa kuwapondetsa pamwala, adayesa kuwaviika m'madzi, koma ayi. Nkhanga adamuona akuyang'anayang'ana kunjira.

"A Likongwe, chikuni mwachikoleza. Mukachisiya chokha?"

"Wachira uja, mayi. Ine ntchito yanga yatha. Mlendo ndi mame."

"Mame a mwezi wathunthu sindinawaone," adatero Nkhanga, nasenza mtsuko wake.

M'mawa mwake Likongwe adagwada, nawomba m'manja. Nthawi ino mawu adatuluka movuta.

"Ndatsazika, bwanawe. Zenizeni."

"Ndamva. Bweretsa phukusi ndikumangire ndine, poti iwe umaiwala." Nungu adaika chikho, naika mbatata zootcha za kamba wapanjira. Kenaka adapisa dzanja m'udzu wa denga natulutsa mpeni. "Ndi uwu, unauiwala usanauiwale."

Likongwe adayang'ana kumbali.

Nungu adamuperekeza kudutsa pankhokwe, kudutsa pachitsime, kudutsa pamunda, mpaka pamphambano. Nkhani padalibe. Adamupatsa phukusi ndi manja awiri.

"Ndibwerere pano. Uyende bwino."

"Utsale bwino."

Likongwe adayenda. Njira idali yomwe ija, yokoma, yopanda mizere. Adayambitsa nyimbo, kufunsa njira kumene imagona, n'kudikira. Zaka zonse zija ankaiimba yekha osamva kuti pali posoweka. Lero mpata wa wovomera udali ngati dzino lozuka, lilime limangobwererapo. Adayesa kudzivomera yekha, koma kamawu kake kosongoka kadamuchititsa manyazi.

Dzuwa lili pamutu adakhala pansi kuti adye. Adamasula phukusi, ndipo pakati pa mbatata padali kaliwo wa Nungu, uja ankasutira fodya madzulo aliwonse chiyambireni kulima, amene a Nakwenda adamuumbira.

Likongwe adamutembenuza kaliwoyo m'manja. Nungu sankaiwala kanthu. Nungu adamanga yekha phukusili. Ndipo mwambo umati chinthu cha mwini chikalowa m'katundu wako, umachibweza ndi mapazi ako, sutumiza.

Adayamba kuseka. Adaseka mpaka kugubuduzika, ndipo podzuka adapeza kumaso kwanyowa.

"Msampha wanga womwe! Nungu iwe!"

Pobwerera njira idafupika. Adafika dzuwa lisanalowe, napeza Nungu ali pakhonde, mphasa ziwiri zoyala, maungu awiri ali m'mbale.

"Odi kuno!"

"Lowa, wakuba iwe. Kaliwo wanga ali kuti?"

"Ndi uyu. Ukalamba, bwanawe, wayamba kuiwala."

"Ndinaphunzira kwa katswiri." Nungu adalandira kaliwo nayamba kutsendera fodya. "Unkayesa sindinadziwe? Ndinadziwa tsiku la ndodo lomwe. Munthu wogona pa ndodo usiku wonse n'kumati yasowa!"

"Nanga unkanditsatiranji?"

"Ndinkafuna ndione pamene bodza lako likathere." Adayatsa fodya uja. "Komanso ndinkaopa kuti ndikanena, upitadi."

Likongwe adakanda phazi lake.

"Mapaziwa sadzaleka kuyabwa, Nungu. Ndisakunamize."

"Ndani wati aleke? Pita ukaone maiko, ubwere udzandinamize za ng'ona. Koma phukusi ndizimanga ndine. M'nyumbamu muli zinthu zambiri: chipande, lichero, mtondo."

"Mtondo ndiye ayi!"

"Udzausenza. Lawa maunguwa."

"Uyambe ndiwe. Mlendo sadya yekha."

"Mlendo ali kuti pano?" adatero Nungu. "Idya."

Likongwe adadya osadikira. Atatha, Nungu ndiye adayambitsa nyimbo, kufunsa njira kumene imagona, ndipo kwa nthawi yoyamba Likongwe adakhala wovomera. Mawu aja adawamva zaka zonse, koma tsiku limenelo ndi pamene adadutsa pakamwa pake.

Mpaka lero likongwe sapita kutali. Mukamuona akudutsa njira, amathamanga, n'kuima, n'kudzutsa mutu kuyang'ana m'mbuyo, kenaka n'kubwerera kumene wachokera: wapeza kanthu ka mnzake m'phukusi. Ndipo mukatola munga wa nungu panjira, dziwani kuti mwafika pamene woperekeza adabwerera.

Nanenso nthano ndaiperekeza, yafika pamphambano. Ndibwerere pano.